Kalata kwa Akuluakulu Oyang'anira Kafukufuku wa Khansa ya M'mapapo

Kwa akuluakulu a National Cancer Institute (bungwe la boma lofufuza za khansa) ndi a FDA (bungwe lovomereza mankhwala) ku United States, kwa atsogoleri a makampani opanga mankhwala a khansa, ndi kwa nonse amene mumagawa ndalama za kafukufuku wa matendawa,

Olemekezeka,

Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani imene inu mumaidziwa kuposa ine, nkhani ya gefitinib, mapiritsi a khansa ya m'mapapo. Dziko la Japan linawavomereza mu 2002, ndipo FDA inatsatira mu 2003. Posakhalitsa kafukufuku wamkulu anasonyeza kuti mukawerengera odwala onse pamodzi, mapiritsiwo sankatalikitsa moyo mooneka, ndiye mu 2005 FDA inatseka chitseko kuti odwala atsopano asawalandirenso. Komatu madokotala amene ankakhala ndi odwala tsiku ndi tsiku anali ataona kale chinthu chodabwitsa. Panali odwala ena, ambiri mwa iwo azimayi a kum'mawa kwa Asia amene sanagwirepo ndudu chibadwire, amene ankati akayamba kumwa mapiritsiwo chifuwa chinkaleka, mpweya n'kubwerera, zotupa n'kufota m'masabata owerengeka.

Zikanakhala zosavuta kungolemba kuti awa ndi mankhwala a anthu a ku Asia, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwamwayi, mu 2004 magulu a ofufuza ku Boston ndi ku New York anali atawerenga DNA ya zotupazo. Anapeza kuti mwa odwala amene ankapeza bwino, jini (kagawo ka DNA) yotchedwa EGFR inali itasintha m'maselo a chotupa, ndipo kusinthako n'kumene kunkakankha maselo kuti azichulukana osapuma. Mapiritsi aja ankazimitsa moto pamalo pomwe unkayakira. Kenako panabwera kafukufuku wa IPASS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Analowamo odwala 1,217, onse a ku Asia, osasuta kapena amene anasutako pang'ono n'kusiya. Amene zotupa zawo zinali ndi EGFR yosinthika, mapiritsi anawathandiza kuposa chemotherapy, mankhwala a nthawi zonse opha maselo a khansa. Amene analibe kusinthako, ngakhale anali a ku Asia omwewo, osasuta omwewo, mapiritsi anawagwiritsa fuwa la moto, ndipo chemotherapy ndiye inawasunga bwino. Mu 2015 FDA inabwezeretsa gefitinib, koma tsopano kwa aliyense amene chotupa chake chapimidwa n'kupezeka ndi kusinthako, kaya makolo ake anachokera ku Osaka, ku Lagos kapena ku Dublin.

Ndalemba kalatayi chifukwa phunziro limeneli mwaligwira mbali imodzi. Munavomereza kuti chotupa chimayenera kuwerengedwa, ndipo munamanga nkhokwe zikuluzikulu zosungiramo zimene mwawerenga. Koma nkhokwezo munazidzaza ndi zotupa za anthu ofanana magwero, ndipo anthu amene munawasiya kunja ndi omwewo amene khansayi ikuwapha mopitirira. Ine ndine mmodzi wa anthu a magazi a ku Africa, ndipo ndikamawerenga malipoti anu ndimasakasaka anthu onga ine m'ziwerengerozo. Ndimawapeza ochepa m'ndandanda ya opimidwa, ochuluka m'ndandanda ya akufa. Khansa ya m'mapapo imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Mu 2022 mokha anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo padziko lonse, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira. Pa matenda aakulu chotere, kuphonya pang'ono kumatanthauza maliro ambirimbiri.

Sindikutsutsa kuti magwero a makolo ali ndi gawo. Ali nalo, ndipo umboni ulipo. Kusintha kwa EGFR kumene mapiritsi amalimbana nako nthawi zambiri munthu sabadwa nako. Kumachitika m'maselo a m'mapapo munthu ali wamkulu kale. Komabe sikupezeka mofanana kulikonse. Pa khansa ya mtundu wa adenocarcinoma, kum'mawa kwa Asia kumapezeka mwa odwala 40 mpaka 50 pa 100 alionse, pamene mwa azungu kumapezeka mwa 10 mpaka 15. Mu 2021 ofufuza anafalitsa zimene anapeza atapima odwala 1,153 a ku Mexico ndi ku Colombia, mayiko amene anthu ambiri ali ndi magazi osakanikirana. Munthu akakhala ndi gawo lalikulu la magazi a eni nthaka akale a ku America, chotupa chake chinkapezeka kawirikawiri ndi EGFR yosinthika, ndipo kusintha kwa jini ina yotchedwa KRAS kunkachepa. Atayang'anitsitsa zigawo za DNA zimene munthu analandira kwa makolo amenewo, mgwirizanowo unaonekera kwambiri. Ndiye kuti zimene munthu anabadwa nazo zimatha kukonza nthaka imene chotupa chidzamerepo. Ngati zili choncho kwa anthu a ku Asia ndi a ku Latin America, n'chifukwa chiyani funso lomweli silinafunsidwe ndi khama lofanana pa anthu a ku Africa?

Taonani nkhokwe yanu yotchuka, The Cancer Genome Atlas. Inayamba mu 2006, ndipo inasonkhanitsa zotupa za odwala oposa 11,000 pa mitundu 33 ya khansa. Mu 2016 ofufuza anatenga zitsanzo 5,729 mwa zimenezo n'kuwerenga eni ake. Azungu anali 77 peresenti, anthu akuda 12, a ku Asia 3, a Hispanic (a magwero a ku Latin America) 3. Wina mwa inu anganene kuti 12 peresenti ikufanana ndithu ndi chiwerengero cha anthu akuda ku United States, ndiye palibe cholakwika. Koma kafukufuku wa majini sayendera kugawana mipando. Amayendera kuchuluka kwa zitsanzo. Kuti muone kusintha kumene kumachitika mwa odwala 5 kapena 10 pa 100, mumafunika zotupa mazanamazana za gulu limodzi pa khansa imodzi. Ofufuza aja anasonyeza kuti pofuna kuona kusintha kwa mwa odwala 10 pa 100, azungu okha ndiwo anali okwanira pa khansa zonse zimene anaunika. Choncho ngati m'zotupa za anthu akuda muli kusintha kumene kungazimitsidwe ndi piritsi, ngati mmene zinakhalira ndi EGFR mu 2004 kapena jini ya ALK imene kusintha kwake pa khansayi kunapezeka ku Japan mu 2007, nkhokwe yotereyi ikhoza kukudutsa osakuona. Ndipo vutoli si la khansa yokha. Kuwerenga kwina kwa mu 2016 kunapeza kuti pa anthu onse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wofananitsa majini ndi matenda, 81 peresenti anali a magwero a ku Ulaya, a ku Africa pafupifupi 3 peresenti basi.

Chondipweteka n'chakuti Africa ndi kumene majini a anthu amasiyana kwambiri kuposa kwina kulikonse, chifukwa anthu akhala kumeneko nthawi yaitali kuposa kwina konse, ndipo amene anatuluka kupita kumakontinenti ena ananyamula kagawo chabe ka kusiyanako. Mu 2020 ofufuza a H3Africa, ntchito yofufuza majini a anthu a ku Africa, anawerenga DNA ya anthu 426 okha, ochokera m'mitundu 50, ndipo anapeza kusiyana kwa majini koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo. Anthu 426 okha! Komanso anthu akuda a ku America sangaimire Africa yense. Makolo a ambiri mwa iwo anatengedwa ukapolo kuchokera kumadzulo ndi kumadzulo chapakati kwa Africa. Anthu a kum'mawa ndi kumwera kwa kontinentiyi m'nkhokwe zanu akusowa kwambiri kuposa pamenepo.

Mwina mukuganiza kuti kusowaku kumangochedwetsa zotulukira za m'tsogolo. Kukuvulaza odwala lero lomwe. Mu June 2020 FDA inavomereza kuti pembrolizumab, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, aziperekedwa kwa odwala amene zotupa zawo zili ndi masinthidwe ambiri, kuyambira 10 pa zilembo za DNA miliyoni imodzi. Muyeso umenewu umatchedwa TMB. Ma labotale ambiri amawerenga chotupa chokha, osawerenganso magazi a wodwalayo. Ndiye amasiyanitsa bwanji zimene chotupa chasintha ndi zimene munthu anabadwa nazo? Amayerekeza ndi nkhokwe. Chimene chili kale m'nkhokwe amati n'chobadwa nacho, amachichotsa. Chimene mulibe amati n'cha chotupa, amachiwerengera. Tsopano taganizirani wodwala wa magazi a ku Africa, amene majini a makolo ake ambiri sanalowepo m'nkhokwemo. Zinthu zabwinobwino zimene analandira kwa mayi ndi bambo ake zimawerengedwa ngati matenda, nambala imakwera, imadutsa 10, ndipo dokotala amayembekezera kuti mankhwala agwira ntchito pamene chotupacho si chamtundu umenewo. Kafukufuku wa mu 2022 anasonyeza kuti zimenezi zikuchitikadi, makamaka kwa anthu a magwero a ku Africa. Wodwalayo amataya miyezi imene alibe, amapirira zovuta za mankhwala, ndipo palibe amene amamuuza kuti sikelo ndi imene inali yopendekera. Njira yokonzera ikudziwika. Magazi a wodwala aziwerengedwa limodzi ndi chotupa chake, kapena muyeso ukonzedwe potengera magwero a munthuyo. A FDA, muli ndi mphamvu yolamula kuti kampani iliyonse yogulitsa njira yopimira isonyeze kuti imagwira ntchito mofanana pa anthu a magwero osiyanasiyana isanaloledwe pamsika. Igwiritseni ntchito mphamvuyo.

Tsopano ndifike pambali imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Ndikuopa kuti mawu akuti majini ayamba kukhala bulangete lofunditsa milandu imene si ya majini. Amuna akuda ku United States amadwala ndi kufa ndi khansa ya m'mapapo kuposa amuna achizungu. Munthu akamva zimenezi pambali pa nkhani ya EGFR, amafulumira kuganiza kuti ndi magazi awo, basi n'kupukusa mutu. Koma mu 2017 ofufuza anayerekeza zotupa 509, pafupifupi theka za anthu akuda, theka za azungu, ndipo pa masinthidwe odziwika amene ali ndi mankhwala sanapeze kusiyana kwakukulu. Ndiye kuti wodwala wakuda ali ndi chifukwa chofanana chopimidwira chotupa. Koma amapimidwa? Ziwerengero za zipatala za ku America zimene zinaonetsedwa mu 2021 zinasonyeza kuti pafupifupi theka la odwala achizungu ankapimidwa majini ambiri nthawi imodzi, pamene akuda anali pafupifupi anayi pa khumi. Munthu amene chotupa chake sichinawerengedwe sangalandire mapiritsi olunjika pa jini yosinthika monga osimertinib kapena sotorasib, ndipo sangalowe m'kafukufuku woyesa mankhwala atsopano, chifukwa polowera amafunsa zotsatira zomwezo. Kenako mumalemba kuti anthu akuda salowa m'kafukufuku, ngati kuti ndi iwo anakana.

Za opaleshoni mwazidziwa kuyambira 1999. Chaka chimenecho Peter Bach ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa okalamba amene khansa yawo inapezeka isanafalikire, onse ali pa inshuwalansi ya boma ya Medicare. Azungu 76.7 peresenti anachitidwa opaleshoni, akuda 64.0 peresenti. Amene anachitidwa opaleshoni anakhala ndi moyo pafupifupi mofanana, akuda ndi azungu omwe. Palibe jini imene inalembera anthu amenewo kuti asalowe m'chipinda cha opaleshoni. Panali dokotala amene sanawatumize, kapena amene anafotokoza mothamanga, kapena wodwala amene anali ndi zifukwa zomveka zosakhulupirira chipatala.

Nkhani ya kuunika mapapo ndiye imandiwawa koposa, chifukwa inalakwika ndi anthu a zolinga zabwino. Kafukufuku wa National Lung Screening Trial anali ndi anthu 53,454, ndipo mu 2011 anasonyeza kuti sikani ya CT, makina ojambula m'kati mwa chifuwa, imachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti mwa anthu osuta kwambiri. Zotsatira zosangalatsa. Koma mwa anthuwo akuda anali pafupifupi anayi pa 100. Mu 2013 malangizo a dziko lonse la United States anatuluka potengera kafukufukuyu: woyenera kuunikidwa ndi wa zaka 55 mpaka 80 amene anasuta paketi imodzi tsiku lililonse kwa zaka 30, kapena mapaketi awiri kwa zaka 15. Pamenepo n'kuti mukudziwa kale, kuchokera pa kafukufuku wa ku Hawaii ndi California wa mu 2006, kuti anthu akuda ndi eni nthaka a ku Hawaii amadwala khansayi ngakhale atasuta ndudu zochepa patsiku. Anthu akuda amakondanso kuidwala ali ocheperapo zaka. Ukonde unalukidwa ndi maso aakulu, ndipo iwo ankangodutsamo. Mu 2019 Melinda Aldrich ndi anzake anawerenga osuta a kumwera kwa United States amene anapezeka ndi khansayi, n'kufunsa kuti ndi angati amene malamulo akanawalola kuunikidwa. Azungu anali 56 peresenti, akuda 32 peresenti. Mu 2021 malangizo anasintha, zaka zinatsika kufika 50, kusuta kunatsika kufika zaka 20 za paketi imodzi patsiku. Munachita bwino kusintha. Koma panadutsa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo khansa ya m'mapapo siidikira munthu. Amene anaipeza itafalikira kale m'zaka zimenezo, madzi awo anatayika, saoleka.

Ndingotchula mwachidule ndudu za menthol, zoziziritsa pakhosi, zimene makampani a fodya anazitsatsa mwadala m'madera a anthu akuda kwa zaka makumi ambiri, mpaka osuta akuda oposa asanu ndi atatu pa khumi amasuta zimenezo. Mu 2022 FDA inalengeza ganizo loziletsa, koma zikugulitsidwabe. Ndiye pali mpweya. Mu 2023 gulu la Charles Swanton ku London linasonyeza kuti fumbi losaoneka ndi maso la mu utsi wa magalimoto ndi mafakitale limatha kudzutsa maselo amene ali kale ndi EGFR yosinthika kuti asanduke chotupa. Ku America anthu akuda amakhala pafupi ndi misewu ikuluikulu ndi mafakitale kuposa azungu, chifukwa cha malamulo akale a tsankho pa nyumba ndi malo. Kumeneko magwero a makolo amayendera limodzi ndi malo okhala, ntchito, ndi chipatala chimene munthu angafikeko. Wofufuza wosasamala akhoza kuloza chala DNA pamene wolakwa ndi chumuni cha fakitale. Musapereke ndalama ku kafukufuku wa magwero a makolo amene sakufunsa kumene wodwala amakhala, mpweya umene amapuma, ndi tsiku limene anaonana ndi dokotala koyamba.

Mu 2023 bungwe la akatswiri a sayansi a ku America la National Academies linalangiza ofufuza za majini kuti asiye kugwiritsa ntchito mtundu wa khungu ngati choimira majini. Ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Kabokosi kamene wodwala amachonga pafomu kamasonkhanitsa mwana wa ku Ethiopia, wa ku Jamaica ndi wa ku Mississippi pansi pa liwu limodzi, chikhalirecho majini awo akhoza kusiyana kuposa mmene amasiyanira mzungu ndi munthu wa ku Asia. Munthu wakuda wa ku America mwapakatikati ali ndi magazi a ku Ulaya oyandikira gawo limodzi mwa anayi. Kabokosiko musakataye, chifukwa ndi kamene kamakuonetsani amene akumanidwa opaleshoni ndi amene sakupimidwa. Koma kasalowe m'malo mwa labotale. Dokotala asayang'ane nkhope n'kuganiza kuti uyu sangakhale ndi EGFR, ndiye palibe chifukwa chotumizira chotupa chake.

Ndikudziwa kuti mukapempha magazi ndi zotupa, anthu ena amakayika, ndipo enanu mumadandaula. Musawadabwe. Ku Tuskegee, kuyambira 1932 mpaka 1972, boma la America linasiya amuna akuda akudwala chindoko osawapatsa mankhwala, cholinga liwone mmene matenda amapitira, ngakhale penisilini atapezeka. Mu 1951 maselo a khansa a Henrietta Lacks anatengedwa ku Baltimore iye asakudziwa, ndipo anafalikira m'ma labotale a padziko lonse banja lake lili mumdima. Mlandu suwola. Zidzukulu za anthu amenewo ndi zimene mukuzipempha lero kuti zisaine mafomu anu. Zikafunsa kuti magazi athu apita kuti, adzawaona ndani, ndipo mankhwala akadzapezeka tidzawalandira kodi, ziyankheni momveka ndipo mulembe yankho lanu. Funso lomweli likufunsidwa ku Africa, kumene zitsanzo zakhala zikunyamulidwa pandege kupita kunja, mayina a asayansi a komweko n'kukhala kumapeto kwa lipoti. H3Africa, imene mabungwe othandiza kafukufuku wa zaumoyo a NIH ku America ndi Wellcome Trust ku Britain anayambitsa mu 2010, inasonyeza kuti ntchitoyi ingatsogoleredwe ndi asayansi a ku Africa m'ma labotale a ku Africa. Khansa ya m'mapapo ikufunika ntchito yotereyo, yokhala ndi ndalama za zaka zambiri, komanso makina ndi akatswiri opima zotupa m'zipatala momwe odwala ali.

Inu a makampani, mu December 2022 nyumba ya malamulo ya United States inakhazikitsa lamulo lokuuzani kuti muzipereka dongosolo losonyeza mmene mudzalowetsere anthu a magulu osiyanasiyana pa mayeso akuluakulu a mankhwala. Musadikire kukokedwa. Tsegulani mayeso anu m'zipatala za m'madera amene odwala akuda amapitako, lipirani mayendedwe awo, ndipo onaninso malamulo olowera amene amachotsa munthu chifukwa cha matenda ena amene sakukhudzana ndi mankhwala anu. Inu a National Cancer Institute, ikani m'pangano la thandizo lililonse chiwerengero cha zotupa za gulu lililonse chokwanira kupeza kusintha kosowa, ndipo amene walephera afotokoze chifukwa asanalandire ndalama zina. Ndipo chipatala chilichonse chimene chimalandira ndalama zanu chizitulutsa poyera chaka chilichonse kuti mwa odwala khansa ya m'mapapo ndi angati anapimidwa majini a chotupa, angati anapatsidwa mwayi wa opaleshoni, ndipo anali a magulu ati. Ziwerengerozo zili kale m'makompyuta a zipatalazo. Ndikupempha kuti lipoti lanu la chaka chamawa likhale nazo.

Ine wanu,
Mmodzi wa anthu amene nkhokwe zanu sizinawawerengebe